Kukonza zolemba za mnzako pa Wikipedia popanda kumufufutira ntchito

Mu Sepitembala 2007, Jimmy Wales, mmodzi mwa anthu awiri omwe anayambitsa Wikipedia, insaikulopediya ya pa intaneti yomwe aliyense angalembemo, analemba kankhani ka chiganizo chimodzi konena za Mzoli's, malo otchuka ogulitsira ndi kuwotchera nyama ku Gugulethu, kunja kwa mzinda wa Cape Town. Patangodutsa mphindi 22, mmodzi mwa oyang'anira masamba anakafufuta, ati sikakuonetsa chifukwa chomwe malowo akuyenera kulembedwa. Panabuka mkangano waukulu, nyuzipepala zinautola, ndipo nkhaniyo inabwezeretsedwa, anthu n'kuikulitsa. Wales anamumenyera nkhondo anthu chifukwa ndi wotchuka. Koma zomwe zinamuchitikirazi zimachitikira anthu wamba ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Munthu amalemba ndime yake yoyamba madzulo, m'mawa n'kupeza palibe, popanda ngakhale liwu limodzi lomuuza chomwe chalakwika. Ambiri otere sabweranso.

Kuti timvetse chifukwa chake kufufutirana kuli kophweka chonchi, tiyambe ndi mmene masamba amenewa anapangidwira. Tsamba loyamba lomwe aliyense ankatha kulisintha analitsegula Ward Cunningham, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wa ku Portland m'chigawo cha Oregon ku America, mu Malichi 1995, n'kulitcha WikiWikiWeb. Wales ndi Larry Sanger, mnzake yemwe anayambitsa naye Wikipedia, poyamba sanatsate njira imeneyi. Nupedia, insaikulopediya yawo yoyamba ya pa intaneti yomwe inayamba mu 2000, inkafuna kuti nkhani iliyonse ilembedwe ndi katswiri ndipo idutse m'masitepe 7 owunika isanatuluke. Inafika potseka mu 2003 nkhani zomalizidwa zisanakwane ndi 30 zomwe. Wikipedia inatsegulidwa pa 15 Januwale 2001 kuti izingothandizira Nupedia, koma chaka choyamba chokha inasonkhanitsa nkhani pafupifupi 20,000, chifukwa inalola aliyense kulemba ndiponso kukonza zomwe wina walemba osapempha chilolezo.

Chomwe chimateteza chipwirikiti ndi mbiri ya tsamba. Pulogalamu yoyendetsa Wikipedia, MediaWiki, imasunga tsamba lonse mmene linalili nthawi iliyonse munthu akasintha kanthu, pamodzi ndi dzina lake, tsiku ndi ola. Mukhoza kuika masinthidwe awiri pambalipambali n'kuona liwu lililonse lomwe lachoka ndi lomwe lalowa. Munthu akabwera kudzalemba zotukwana, mnzake amabweza tsamba mmene linalili m'kuphethira kwa diso. Ubwino wake ndi umenewo, vuto lake ndi lomwelonso: dzanja lomwe limachotsa zotukwana m'sekondi imodzi limathanso kuchotsa m'sekondi imodzi ntchito yomwe wina wachezera usiku.

Palinso mbali ya malamulo yomwe ambiri saiwerenga. Mukasindikiza chilichonse pa Wikipedia mumavomera kuti aliyense angathe kuchisintha, kuchikopera ndi kuchifalitsa. Kuyambira mu 2009 chilolezo chake ndi cha Creative Commons chotchedwa CC BY-SA, ndipo chimafuna kuti olemba atchulidwe. Nkhani za pa Wikipedia sizikhala ndi dzina la mlembi pamwamba, choncho malo okhawo omwe olemba amatchulidwa ndi mu mbiri ya tsamba muja. Apa mfundo ziwiri zimayendera limodzi. Tsamba lilibe mwini, ngakhale amene analiyamba. Koma dzina la aliyense yemwe anaikapo dzanja liyenera kutsala. N'chifukwa chake kukopera nkhani yonse n'kukaimata pa mutu watsopano, m'malo mogwiritsa ntchito batani losamutsira tsamba, ndi kulakwa kwenikweni ngakhale mutachita ndi mtima wabwino. Nkhani imaoneka ngati mwalemba nokha, mayina a anzanu onse atsala ku tsamba lakale, ndipo oyang'anira amavutika kulumikizanso mbiri ziwirizo.

Kufufuta mnzako usakudziwa

Nthawi zambiri amene wakufufutira ntchito sanadziwe n'komwe kuti wachita zimenezo. Tiyerekeze kuti anthu awiri atsegula nkhani imodzi nthawi yofanana. Woyamba wakonza zake n'kusunga. Wachiwiri akamasunga, pulogalamu imaona kuti tsamba lasintha chitsegulire chake, ndipo imayesa kuphatikiza zonse ziwiri. Ngati anakhudza ndime zosiyana, imaphatikiza bwinobwino, onse osadziwa kuti anadutsana. Ngati anakhudza malo amodzi, imaima n'kumuonetsa wachiwiriyo mabokosi awiri: lapamwamba muli tsamba mmene mnzake walisiyira, lam'munsi muli zake. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Munthu amachita mantha kuti zake zitayika, ndiye amakopera bokosi lonse lam'munsi n'kuliika pamwamba. Zake zapulumuka, za mnzake zapita. Choyenera ndi kutenga ziganizo zokhazo zomwe iye anasintha n'kuzilowetsa m'zomwe zili pamwambazo. Zimatenga mphindi zingapo basi.

Njira yachiwiri imatikhudza kwambiri ife omwe magetsi ndi netiweki sizipanganika. Munthu amakopera nkhani yonse Lolemba n'kuisunga mu foni kapena mu laputopu, kumaikonza pang'onopang'ono osawononga bandulo, kenako Loweruka n'kuimata yonse pamwamba pa yomwe ili pa intaneti. Apa pulogalamu siingamuchenjeze, chifukwa kwa iyo watsegula tsamba pompano n'kusunga pompano. Chilichonse chomwe anthu ena anawonjezera pakati pa Lolemba ndi Loweruka chimasowa mwakachetechete. Kulembera kumbali si kulakwa, ndipo kwa ambiri aife ndi njira yokhayo yotheka. Koma musanamate, tsegulani mbiri ya tsamba muone ngati wina wadutsapo, ndipo matani ndime imodzi imodzi. Zofanana ndi zimenezi zimachitika mukatsegula tsamba lakale kuchokera mu mbiri n'kulisintha: mukasunga, zonse zomwe zinalembedwa pambuyo pake zimachoka. Pamenepa chenjezo limaoneka pamwamba, koma pa foni n'kosavuta kulidumpha.

Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: kusintha gawo limodzi la nkhani m'malo motsegula tsamba lonse, ndi kusunga pafupipafupi. Amene akufuna kugwira ntchito yaikulu akhoza kuyamba pa tsamba lake loyeserera, kapena kuika chizindikiro pamwamba chouza ena kuti adikireko maola angapo. Maola, osati masabata.

Batani lobweza

Kufufuta kodziwa ndiye kumawawa. Pambali pa kusintha kulikonse mu mbiri pali batani la Undo, lobweza zomwe munthu wachita. Oyang'anira ndi ena odalirika alinso ndi lina lamphamvu, la rollback, lomwe limachotsa nthawi imodzi masinthidwe onse otsatizana a munthu womaliza, osafunsa chifukwa. Lamulo la Wikipedia ya Chingerezi limati rollback ndi yobwezera zolemba za owononga dala, osati za munthu yemwe mwangosiyana naye maganizo. Wobwezedwayo amalandira uthenga woti ntchito yake yachotsedwa, ndipo kwa munthu watsopano uthenga umenewu umamveka ngati akumuuza kuti kuno sakufunika.

Zimenezi anazifufuza. Chiwerengero cha olemba okhazikika pa Wikipedia ya Chingerezi chinafika pachimake mu 2007 n'kuyamba kutsika. Aaron Halfaker ndi anzake, R. Stuart Geiger, Jonathan Morgan ndi John Riedl, anatulutsa kafukufuku mu 2013 wosonyeza kuti anthu atsopano ofuna zabwino sanasiye kubwera, koma kalandiridwe ndiko kanasintha. Pofuna kuthana ndi owononga, anthu akale anapanga zida zobwezera mofulumira ndi mauthenga ochenjeza olembedweratu, ndipo zida zimenezi zinayamba kugwera ndi osalakwa omwe. Munthu amene ntchito yake yoyamba yakanidwa ankakhala ndi mpata wochepa wopitiriza. Kafukufuku wina wa Halfaker, Aniket Kittur ndi Riedl wa mu 2011 anapeza kuti kubwezedwa kumafooketsa kwambiri makamaka ngati wobwezayo ndi mkhalakale ndipo wobwezedwa ndi mlendo. Anapezanso china chomwe sitiyenera kubisa: omwe amapirira n'kutsala amayamba kulemba mosamala kwambiri. Choncho kubweza kuli ndi ntchito yake. Funso ndi loti kodi phunziro lomwelo silingaperekedwe popanda kuthamangitsa munthuyo.

Ine ndimaona kuti lingaperekedwe, ndipo Wikipedia yomwe inavomereza. Mu 2012 anatsegula Teahouse, malo omwe atsopano amafunsa mafunso n'kuyankhidwa mofatsa, ndipo mu 2013 anawonjezera kabatani kothokozera munthu pa zomwe wasintha. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Amene sadziwa kuika gwero la nkhani m'njira yovomerezeka angakhale yekhayo amene amadziwa bwino za Likoma kapena za ulimi wa tiyi ku Thyolo.

Ngakhale mapulogalamu omwe amakonza masamba okha amagwa m'mbuna yomweyi. Milena Tsvetkova ndi anzake a ku Oxford anaonetsa mu 2017 kuti pakati pa 2001 ndi 2010 ma bot ena ankabwezana kwa zaka, lililonse likutsatira lamulo lomwe linapatsidwa, popanda woona kuti akungozungulira pamodzimodzi.

Ndime ya Chilembwe

Tiyeni tiike chitsanzo pansi. Mwapeza ndime yomwe wina wangowonjezera kumene, yonena kuti John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kuti anaukira atsamunda pa 15 Januwale 1915, kuti anali munthu wolimba mtima kuposa wina aliyense m'mbiri ya Malawi, ndiponso kuti ankakonda kulalikira pansi pa mtengo wina wake. Palibe gwero lomwe laikidwa, ndipo zilembo zina n'zolakwika. Njira yachangu ndi kudina Undo. Koma taonani zomwe zili m'ndimeyi. Za mishoni ku Mbombwe n'zoona. Tsiku ndi lolakwika, koma kulakwa kwake n'komveka: 15 Januwale ndi tsiku la tchuthi lomukumbukira, pomwe kuukirako kunayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915. Chiganizo cha kulimba mtima ndi maganizo a wolembayo, ndipo Wikipedia siiweruza yokha kuti ngwazi yoposa zonse ndi iti. Za mtengo mwina n'zoona, mwina ayi.

Mkonzi wosamala amagwira chilichonse pachokha. Akonza tsiku n'kuika buku lomwe walipeza. Chiganizo choyamikira achichotsa, kapena achisintha kuti chinene zomwe zingatsimikizike, monga zoti nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama za Malawi. Pa za mtengo aika kachizindikiro kopempha gwero n'kupatsa mwiniwake nthawi. Zilembo azikonza osanenapo kanthu. Pomaliza ndimeyo yakhala yolondola, ndipo wolemba uja akabwera aipeza ikadalipo, n'kuona yekha chomwe chasintha. Wopalira m'munda amazula udzu n'kusiya chimanga, ngakhale mizere ili yokhotakhota. Malangizo a Wikipedia pa kakonzedwe amanenanso zomwezo: ngati vuto lingakonzeke, likonzeni m'malo mochotsa.

Chinthu china chomwe anthu amachipeputsa ndi kabokosi kolembamo chifukwa chomwe mwasinthira. Kulemba kuti “ndakonza tsiku, kuukira kunayamba pa 23, 15 ndi tsiku la tchuthi” kumatenga masekondi ochepa, koma kumathetsa mkangano usanayambe. Kusiya kabokosiko kopanda kanthu pamene mwachotsa ndime yathunthu ndi mwano, ndipo kulembamo mawu onyoza n'koipa koposa, chifukwa zolembedwa m'menemo simungathe kuzisinthanso, zimatsala mu mbiri. Palinso kabokosi kochonga kosonyeza kuti kusintha kwanu n'kwakung'ono. Ena amabisa masinthidwe ang'onoang'ono pa mndandanda wa masamba omwe amawalondera, choncho kuchonga kabokosi kameneka pamene mwasintha tanthauzo la nkhani kuli ngati kudutsa mozemba. Kagwiritseni ntchito pa zilembo ndi zizindikiro zopumira basi. Ndipo musaphatikize zonse m'kusintha kumodzi. Mukakonza zilembo makumi awiri n'kuchotsanso chiganizo chomwe anthu angakangane nacho, wotsutsa chiganizocho amakakamizika kubweza zonse, zabwino zomwe.

Mukasemphana maganizo

Nanga mnzanu akabweza zomwe inu mwasintha? Olemba a pa Wikipedia ali ndi chizolowezi cha masitepe atatu, chomwe si lamulo koma ambiri amachitsata: sinthani molimba mtima, wina akabweza musabwezenso, pitani mukakambirane. Nkhani iliyonse ili ndi tsamba lake lokambirana kuseri kwake, ndipo ndi komwe mkangano uyenera kupita. Nkhaniyo imayamba yakhala mmene inalili mpaka mutamvana. N'zowawa kuona chiganizo chomwe mukudziwa kuti n'cholakwika chikukhalabe masiku atatu, koma kubwezana kulibe mapeto, chifukwa batani lomwe muli nalo mnzanuyo alinso nalo.

Kuyambira kumapeto kwa 2004, Wikipedia ya Chingerezi ili ndi lamulo loti munthu asabweze koposa katatu pa tsamba limodzi m'maola 24. Wopyola amatsekeredwa kunja, kawirikawiri tsiku limodzi ngati n'koyamba. Ena amaliwerenga ngati chilolezo chobweza katatu tsiku lililonse, koma lamulolo limanena poyera kuti si choncho, ndipo munthu akhoza kutsekeredwa asanafike pa katatu ngati zikuoneka kuti akungolimbana. Oyang'anira amathanso kukhoma tsambalo kuti pasapezeke wolisintha mpaka mitima itazizira. Anthu awiri akalephera kumvana, amaitana wachitatu yemwe sanalowererepo, ndipo zikakanikabe amalengeza kuti aliyense wofuna abwere adzanenepo maganizo. Pamwamba pa zonse pali komiti yoweruza yomwe inakhazikitsidwa mu Disembala 2003, koma iyo imaweruza khalidwe la anthu, siinena kuti zoona ndi ziti.

Mkangano womwe umaphunzitsa zambiri ndi wa mzinda wa ku Poland womwe eni ake amautcha Gdańsk pomwe Ajeremani amautcha Danzig. Olemba a mbali ziwirizi ankasinthirana dzinali m'nkhani zambirimbiri kwa nthawi yaitali, aliyense akuona kuti dzina la mnzake likufufuta mbiri ya makolo ake. Kumayambiriro kwa 2005 anachita voti, ndipo chomwe anagwirizana sichinapatse mbali imodzi chigonjetso. Polemba za zaka za pakati pa 1308 ndi 1945 mzindawu uzitchedwa Danzig, polemba za nthawi ya m'mbuyo mwa 1308 kapena ya pambuyo pa 1945 uzitchedwa Gdańsk, ndipo potchula koyamba dzina linalo liziikidwa pambali. Zinatheka chifukwa anasiya kufunsa kuti dzina lenileni ndi liti n'kuyamba kufunsa kuti owerenga athandizidwa bwanji. Ife nkhani yotere sitiimvera kutali. Nyanja yomwe timaitcha ya Malawi, ku Tanzania amati Nyasa, ku Mozambique amati Niassa, ndipo pansi pa mayinawa pali mkangano weniweni wa malire pakati pa Malawi ndi Tanzania. Nkhani ya Chingerezi ili pa mutu wa Lake Malawi, koma chiganizo choyamba chimatchula mayina enawo ndi komwe amagwiritsidwa ntchito. Mmalawi yemwe angachotse dzina la Nyasa poganiza kuti akukonda dziko lake angakhale atamana owerenga mfundo yoona, ndipo mawa lake Mtanzania angachite chimodzimodzi ndi lathu.

Si mikangano yonse yomwe ili ndi kulemera kotere. Nkhani ya yogati inakhala zaka pafupifupi 8, kuchokera mu 2003 mpaka mu Disembala 2011, anthu akulimbana ngati mutu wake ulembedwe yoghurt kapena yogurt.

Pa tsamba lokambirana malamulo amatembenuka, ndipo atsopano ambiri amasokonezeka apa. M'nkhani mukhoza kusintha chiganizo cha aliyense. Pa zokambirana, zomwe munthu walemba n'kusainira ndi mawu ake, simuwakhudza, ngakhale kukonza chilembo. Zanu zomwe, ngati wina wayankha kale, simuzifufuta koma mumazidula ndi mzere kuti yankho lake lisaoneke ngati la munthu wolankhula yekha.

Ch kapena c, w kapena ŵ

Mkangano wa yogati uja ukuoneka wachabe, koma muzu wake ndi womwe ungativute ife. Chingerezi chimalembedwa mosiyana ku America ndi ku Britain, ndipo Wikipedia inakana kusankha mbali. Nkhani yokhudza dziko linalake imalembedwa m'kalembedwe ka dzikolo. Nkhani yosakhudza dziko lililonse imatsata kalembedwe komwe kanakhazikika kale m'nkhaniyo, ndipo kuyendayenda m'masamba n'kumasintha kalembedwe kuti kafanane ndi kakwanu n'koletsedwa.

Chilankhulo chathu chili ndi Wikipedia yake, pa ny.wikipedia.org, yomwe ili ndi nkhani zongozungulira pa 1,000, poyerekeza ndi mamiliyoni a ya Chingerezi. Chilankhulochi chimalankhulidwa ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Lusaka, ku Tete ndi ku Niassa m'Mozambique. Ku Malawi chinayamba kutchedwa Chichewa mwalamulo mu 1968, pomwe ku Zambia ndi ku Mozambique dzina la Chinyanja linatsala. Ku Chipata mwana wasukulu amaphunzira kulemba cinthu ndi cifukwa, monga mmene linalembedwera Baibulo lakale la 1922, pomwe wa ku Dedza amalemba chinthu ndi chifukwa. Ena amalemba Malaŵi, ena Malawi. Mmalawi akapeza nkhani ya mwambo wa Kulamba ku Mkaika yolembedwa ndi c, n'zosavuta kuganiza kuti wolembayo sadziwa kulemba, n'kuyamba kuika h paliponse. Kwa wa ku Katete yemwe anailemba, zimenezo zikumuuza kuti chilankhulo chake ndi cholakwika ndipo tsambali ndi la Amalawi okha. Maganizo anga ndi oti nzeru ya a Chingerezi ija ingatithandize: nkhani ya ku Zambia ikhale m'kalembedwe ka ku Zambia, ya ku Malawi m'ka ku Malawi, zina zonse zitsate yemwe anayamba, bola nkhani imodzi isasakanize. Olemba ndife ochepa kwambiri moti sitingakwanitse kutaya ndi mmodzi yemwe chifukwa cha chilembo.

Zomwe sizidikira

Pali zinthu zomwe zimachotsedwa pomwepo, popanda kupempha gwero kapena kudikira zokambirana. Mu 2005 munthu wina analemba pa nkhani ya John Seigenthaler, mtolankhani wa ku America yemwe anagwirapo ntchito ndi wandale Robert F. Kennedy, kuti anakayikiridwapo pa kuphedwa kwa Robert ndi mchimwene wake John F. Kennedy, yemwe anali pulezidenti wa dzikolo. Linali bodza lamkunkhuniza, ndipo linakhala pamenepo miyezi inayi. Seigenthaler atalemba za nkhaniyi mu nyuzipepala ya USA Today kumapeto kwa Novembala chaka chomwecho, Wikipedia ya Chingerezi inaletsa anthu osalembetsa kuyamba nkhani zatsopano, ndipo inakhazikitsa lamulo lokhwima pa nkhani za anthu amoyo. Chilichonse chokayikitsa chonena za munthu wamoyo chomwe chilibe gwero lodalirika chimachotsedwa nthawi yomweyo, ndipo malire a katatu aja sagwira ntchito pamenepa. N'chimodzimodzi ndi zokopera m'buku kapena m'nyuzipepala popanda chilolezo, ndi zowononga dala. Nyengo ya chisankho ikafika, amene akulondera nkhani za andale asachite manyazi kuchotsa mphekesera. Koma ngakhale apa, lembani chifukwa chake m'kabokosi kaja, ndipo ngati wolembayo akuoneka kuti sankadziwa lamulo, muuzeni pa tsamba lake.

Nkhani yovuta kwambiri kwa zilankhulo zazing'ono inachitika pa Wikipedia ya chilankhulo cha Scots cha ku Scotland. Mu Ogasiti 2020 zinaululika kuti nkhani zoposa 20,000 zinalembedwa ndi mnyamata wa ku America yemwe sankachidziwa chilankhulocho. Anayamba mu 2013 ali mwana, ankatenga nkhani za Chingerezi n'kumasintha mawu limodzi limodzi pogwiritsa ntchito dikishonale, akukhulupirira kuti akuthandiza. Kwa zaka 7 panalibe gulu la eni chilankhulo lomwe likanamukhazika pansi. Zitaululika anthu ena anamuzunza pa intaneti, zomwe zinali nkhanza kwa munthu yemwe sankafuna kuipitsa kanthu. Eni chilankhulo anayamba kukumana n'kumakonza nkhani zomwe zikanatheka kukonzedwa, ndipo zina masauzande zinafufutidwa. Kungokhala chete poopa kukhumudwitsa munthu kumawononganso, chifukwa akanauzidwa momveka ali pa nkhani yake ya khumi, sipakanakhala masauzande ofufuta.

Ife ngozi yomweyi ili pakhomo. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014, ndipo n'zotheka munthu yemwe sanamvepo Chichewa chikulankhulidwa kudzaza masamba ndi ziganizo zomwe mawu ake ndi athu koma palibe Mchewa angazinene. Mukapeza nkhani yotere, yang'anani kaye zomwe zingapulumuke. Nthawi zambiri mutu, zithunzi, zaka ndi magwero zimakhala zabwino, chofunika ndi kulembanso ziganizo. Kulembanso nkhani yonse n'kololedwa ngati palibe njira ina, koma chitani pa tsamba lomwelo kuti dzina la woyamba litsale mu mbiri, ndipo muuzeni mosapita m'mbali kuti zomasulira ndi makina sizikumveka ndipo zikufunika wodziwa chilankhulo aziwerenge asanazisindikize.

Woyamba kulemba alinso ndi udindo wake. Pali anthu omwe amalondera nkhani yomwe anaiyamba usana ndi usiku, kubweza chilichonse chomwe wina wawonjezera, n'kumauza anzawo kuti ayambe apempha kwa iwo. Wikipedia imaletsa khalidwe limeneli ndi lamulo, ngakhale munthuyo akhale pulofesa wa phunzirolo kapena mwini dzina lomwe nkhani ikunena. Ukatswiri umaoneka pa magwero omwe munthu wabweretsa ku zokambirana. Kuyambira mu 2021 palinso malamulo a khalidwe omwe bungwe la Wikimedia Foundation, lomwe limayendetsa Wikipedia, linaika kuti azigwira ntchito pa Wikipedia za zilankhulo zonse, kuphatikizapo zazing'ono zomwe zilibe malamulo awoawo, ndipo amaletsa kunyoza, kuopseza, kulondalonda munthu m'masamba onse omwe akulemba, komanso kugwiritsa ntchito udindo popondereza ena.

Pa Wikipedia yaing'ono vuto lina ndi loti mukalemba funso pa tsamba lokambirana, mwina sipapezeka woyankha, chifukwa yemwe analemba nkhaniyo anasiya zaka zisanu zapitazo. Zimenezi sizikutanthauza kuti manja anu amangidwa. Lembani zomwe mukufuna kusintha ndi chifukwa chake, mutchule dzina la wolembayo kuti alandire uthenga, mudikire sabata imodzi ngati kusinthako n'kwakukulu, kenako pitirizani. Ndime yomwe mwaichotsa chifukwa chosowa gwero ikopereni pa tsamba lokambiranalo, kuti wina amene ali ndi buku lake kapena amene angafike ku National Archives ku Zomba adzathe kuitsimikiza n'kuibwezera m'nkhani.